Mphuno, Mmero ndi Kholingo

Mzinda wa Livingstone uli ndi mpweya wa mitundu yambiri. Mwana wocokera ku Dambwa kapena ku Libuyu, popita ku sukulu mmawa wa mwezi wa Juni, apuma mpweya wozizira ndi wouma, wakuti milomo icita kung'ambika nao. Pofika Seputembala ndi Okutobala dzuwa liswa mtengo, mphepo inyamula mcenga wa m'miseu, ndipo munthu wopita ku msika wa Maramba abwerako nsidze ziri mbuu ndi fumbi. Koma m'mwezi wa Epulo, Zambezi atadzaza, ana amene apita ndi aphunzitsi ao kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, naima pa kamlatho ka Knife Edge, apuma mpweya wodzala ndi madzi okhaokha, nabwerako zobvala zonse zitanyowa.

Mapapu sangathe kulandira mitundu yonseyi. Iwo ali ofewa koposa, ndipo afuna mpweya wa mtundu umodzi wokha: wofunda monga thupi, wacinyezi, ndi wopanda fumbi. Ndiponso safuna wocepa iai. Munthu wamkulu atakhala phee apuma nthawi 12 kufikira 20 pa mphindi imodzi, ndipo mwana apuma mofulumira koposa apo. Pa tsiku lathunthu mpweya wolowa m'cifuwa ca munthu wamkulu ukwana pafupifupi malita 10,000, ndiko kunena migolo 50 yonga ija yosungiramo madzi. Nchito yokonza mpweya wonsewu icitika m'kanjira kakafupi, kosaposa utali wa rula ya m'kalasi.

Kanjira aka kali ndi zigawo zitatu: mphuno, mmero ndi kholingo. Anthu polankhula asakaniza maina awiri otsirizawa, koma m'phunziro lino mmero ndiwo malo aja a kuseri kwa lilime, ndipo kholingo ndilo kabokosi kolimba kamene kaoneka kutsogolo kwa khosi, makamaka pa khosi la mwamuna woonda.

MPHUNO

Cimene cioneka pa nkhope ndi khonde cabe. Nyumba yeniyeni ya mphuno iri m'kati. Ambiri aganiza kuti mabowo a mphuno akwera kulinga ku maso, koma iai, alowa cam'mbuyo, pamwamba pa denga la m'kamwa, mtunda wonga utali wa cala camkombaphala. Khoma lopyapyala ligawa nyumbayi pakati kukhala zipinda ziwiri. Kutsogolo khomali ndi la cicerewecerewe, ndico cifukwa cace nsonga ya mphuno ipindika munthu akaikankha. Kumbuyo ndi la fupa. M'cipinda ciri conse muli timafupa 3 topiringizika ngati masamba ouma, tosanjikizana monga mashelefu a m'sitolo. Cifukwa ca timafupa timeneti mpweya sungadutse molunjika. Ukhota, ugawikana, nukhudza makoma ponseponse, ndipo pakukhudza pamenepo ndi pamene ukonzeka.

Pa khomo pali tsitsi lija looneka, limene ligwira zinthu zazikulu monga tizirombo touluka ndi tizitsotso. Zimene zapulumuka apo zikumana ndi mamina. Mamina ndi cinthu conyozeka, ndipo mwana wosadziwa kumina anzace amseka. Komatu pakadapanda mamina palibe munthu akadakhala ndi mapapu abwino. Makoma onse a m'mphuno ali omatidwa ndi mamina opyapyala, amene agwira fumbi ndi tizirombo ta matenda monga ulimbo ugwira mbalame. Mphuno ya munthu wabwinobwino, wopanda cimfine, ipanga mamina pafupifupi lita imodzi tsiku liri lonse. Nanga onsewo apita kuti, popeza palibe munthu amina lita yathunthu?

Pansi pa maminawo pali titsitsi tina tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso koma ndi galasi lokuza zinthu lokha. Tiripo mamiliyoni, ndipo tonse tikupiza kulinga mbali imodzi, nthawi zoposa 10 pa sekondi, monga amuna opalasa bwato la Nalikwanda pa mwambo wa Kuomboka aponya nkhafi zao pamodzi. Motero mamina ayenda pang'onopang'ono cam'mbuyo pamodzi ndi zonse zimene agwira, ndipo patapita mphindi ngati 15 afika kummero, munthu nawameza osadziwa. M'mimba muli madzi owawasa amene apha tizirombo tambiri ta matenda. Utsi wa fodya ulefula titsitsi timeneti, kotero kuti mamina aima malo amodzi pamodzi ndi zonyansa zace. Umboni wa nchito ya mamina subvuta kuona: mwana amene watsalira pafupi ndi moto wa chire amina zakuda, ndipo amene wasesa bwalo mu Okutobala amina zofiirira. Zonsezo zikadalowa m'mapapu.

Nchito yaciwiri ya mphuno ndiyo kufunditsa ndi kunyowetsa. Pansi pa khungu la m'mphuno pali timitsempha ta magazi tambirimbiri toyandikira kunja, ndipo magazi apereka kufunda kwao kwa mpweya wodutsa. Mbandakuca wa Julaye ku Livingstone kuzizira kufika pa madigiri 6 kapena 7, koma mpweya womwewo pofika kuseri kwa mphuno uli utapyola madigiri 30, ndipo kunsi m'cifuwa ufika pa 37, ndiko kufunda kwa thupi. Naonso mamina apereka madzi ao kwa mpweya wouma. Potuluka mpweya ubweza madzi ena pa makoma amene unaziziritsa polowa, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene mphuno icucira timadzi toyera mmawa wa cisanu, ngakhale munthu alibe cimfine. Pakamwa sipangathe kucita zonsezi bwino. Munthu wogona kukamwa kuli yasa adzuka kummero kuli gwa.

Timitsempha tija tiri ndi bvuto limodzi. Pa khoma la pakati, pafupi ndi khomo, tiri pamtunda kwambiri, ndipo m'miyezi youma khungu la pamenepo ling'ambika msanga, makamaka mwana akamatokosa ndi cala. Ndiye kamfuno ameneyo. Wotuluka kamfuno akhale pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, atsine mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 osaleka, alikupumira pakamwa. Ambiri agadamitsa mutu, koma kutero sikuletsa magazi. Kungowatumiza kummero ndi m'mimba, kumene acititsa mseru. Magazi akapitirira kutuluka atamtsina kawiri motero, apite naye ku cipatala.

Pali cinthu cina codabwitsa cimene mwana ali yense angathe kuyesa. Aike galasi lozizira pansi pa mphuno ndi kupumirapo pang'ono. Paoneka timadontho tiwiri ta nthunzi, koma kawirikawiri kamodzi ndi kakakulu kuposa kanzace. Akayesanso patapita maora angapo, apeza kuti zasinthana. Mwa anthu ambiri zipinda ziwiri za mphuno zigwira nchito mosinthana: cina citupa pang'ono ndi kupumula, cina citseguka ndi kulandira mpweya wambiri. Dokotala wa ku Germany, dzina lace Richard Kayser, ndiye analongosola zimenezi mu 1895.

Ku denga la mphuno kuli kamalo kakang'ono konunkhizira. Cimene anthu aciyesa kukoma kwa ndiwo, gawo lace lalikulu ndi fungo lokwera ku kamalo kameneka kudzera kuseri kwa m'kamwa. Cifukwa cace wodwala cimfine adandaula kuti ndiwo sizikoma, cinkana wophika sanalakwe kanthu. Kulinso timabowo tocokera ku maso, motsikira misozi, ndipo ndico cifukwa cace wolira afwenthera.

Koma mphuno iri ndi malire ace. Fumbi losalala kwambiri, longa la oceka matabwa a mukusi ndi oswa miyala, lina lipyola alonda onsewa ndi kufika m'mapapu, ndipo anthu a nchito zimenezi ayenera kubvala cophimba pamphuno ndi pakamwa. Coopsa koposa ndi mpweya woipa wocokera ku makala oyaka, umene ulibe fungo ngakhale pang'ono. Mphuno siumva, ndipo siugwira. Banja lolowetsa mbaula m'nyumba yotseka usiku wa Juni lingathe kugona osadzukanso.

MMERO

Mpweya utacoka m'mphuno ulowa mu mmero, umene mwa munthu wamkulu utalika masentimita ngati 12. Kumtunda kwace kuli timabowo tiwiri topita ku makutu, totseguka munthu akameza kapena akayasamula. Ndito timene tithandiza wokwera ndege pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, makutu akatseka, kuti pomeza malobvu amve phu! makutu natseguka. Tizirombo ta cimfine tidziwanso njira imeneyi, ndipo mwa ana aang'ono, m'mene timabowoti ndi tatifupi, cimfine cisanduka msanga matenda a khutu.

Mwana akayasamula pa galasi nanena kuti “aaa”, aona kanyama kolendewera pakati, ndi tizinthu tiwiri tonga nsawa ku mbali zonse ziwiri. Tiwirito madokotala ati matonsilo, ndipo nchito yace ndi kuzindikira tizirombo ta matenda todutsa pamenepo kuti thupi lilimbane nato. Zilonda za pakhosi zambiri zitha zokha. Koma pali mtundu wina umene udza ndi kutentha thupi, kupweteka pomeza ndi mafinya oyera pa matonsilo, kawirikawiri popanda kutsokomola kapena mamina. Umenewu ukapanda kucizidwa ndi mankhwala a ku cipatala, mwa ana ena a zaka 5 kufikira 15 utsatidwa ndi kutupa kwa mfundo, ndipo pambuyo pace uononga zitseko za mtima kwa moyo wonse. Mankhwala ace ndi a masiku ocepa, koma ayenera kumwedwa onse.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yaikulu ya phunziro lino. Mmero si njira ya mpweya wokha. Nsima ndi madzi zidutsanso momwemo. Ndipo njira ziwirizi siziyenda moyandikana cabe, koma zipingasana. Kumtunda, mphuno itsegukira kumbuyo ndi pamwamba, pamene kamwa liri kutsogolo ndi pansi. Koma kunsi m'khosi zatembenuka: njira yopita ku mapapu iri kutsogolo, ndipo njira yopita m'mimba iri kumbuyo, pafupi ndi fupa la msana. Motero mpweya ucoka kumbuyo kupita kutsogolo, cakudya cicoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mbamu iri yonse ya nsima iyenera kudumpha pamwamba peni peni pa khomo la mapapu.

Livingstone ndi mzinda wa njanji, ndipo mwana ali yense wa kumeneko adziwa malo amene njanji idutsa pakati pa mseu. Magalimoto, njinga ndi anthu apansi ayenda tsiku lonse. Koma sitima ikadza onse aima, sitima nidutsa, ulendo nuyambanso. Mu mmero mpweya ndiwo magalimoto, cakudya ndico sitima. Kusiyana kwace nkwakuti sitima ya mu mmero idza nthawi mazana angapo pa tsiku, pakuti munthu ameza malobvu ngakhale ali m'tulo, ndipo palibe mlonda wa mbendera woima pamenepo koma thupi lokha.

Pomeza pacitika zinthu izi m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi. Lilime likankhira mbamu kumbuyo. Mbali yofewa ya denga la m'kamwa, pamodzi ndi kanyama kolendewera kaja, ikwera ndi kutseka khomo la kumbuyo la mphuno. Kupuma kuima. Kholingo lonse likokedwa kukwera ndi kubisala pansi pa tsinde la lilime, milomo yace ya m'kati nitsekana ndithu. Pamwamba pa kholingo pali kacibvundikiro konga tsamba, kamene madokotala ati epiglottis, ndipo kameneka kagwada cam'mbuyo ndi kuphimba khomo. Pamenepo njira ya cakudya, imene ikhala yotseka nthawi zonse, itseguka ndi kulandira mbamu. Kholingo litsikanso, mpweya nuyamba kuyenda. Mwana akaika cala pa kholingo lace nameza malobvu, amva likukwera ndi kutsika. Akayesa kumeza ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, alephera. Palibe munthu angathe.

Kuyamba kumeza ndi cifuniro ca munthu, koma mbamu ikapyola tsinde la lilime zotsala zonse zicitika zokha. Zilakwika pamene munthu atumiza malamulo awiri pamodzi. Kuseka ndi kulankhula zifuna kholingo lotseguka, kumeza kufuna lotseka. Mwana akamwa cibwantu, mnzace nanena coseketsa, cibwantu cituluka m'mphuno cifukwa denga lija linatseguka pakati pa ulendo, kapena cilowa ku kholingo, iye natsokomola mpaka misozi. Akulu amene aletsa ana kuseka ndi kulongolola pa mphasa ya cakudya ali ndi cifukwa cabwino, ngakhale sanaonepo epiglottis.

Nyama za mu Zambezi zinalandira njira zina. Njobvu zowolokera ku zisumbu zimira thupi lonse, citamba cokha ciri mmwamba, pakuti citamba ndi mphuno. Mvuu itseka mabowo a mphuno yace pomira. Ng'ona iri ndi cochinga kuseri kwa lilime cimene cilekanitsa kamwa ndi mmero, kotero kuti ingathe kugwira nyama m'madzi kukamwa kuli kotsegula, nipumabe ndi mphuno zoyang'ana kunja, madzi osalowa m'mapapu. Mwa mbuzi, ng'ombe ndi nyama zambiri zoyamwitsa, kholingo liri pamwamba kwambiri, pafupi ndi khomo la kumbuyo la mphuno, ndipo mphambano yace ndi yaifupi. Khanda la munthu nalo libadwa ndi kholingo lokwera motero, ndipo m'miyezi yoyamba lipumira makamaka m'mphuno. Ndico cifukwa cace khanda lotsekeka mphuno libvutika kuyamwa. Pamene mwana akula kholingo litsika, mmero nutalika. Malo otakasuka amenewa apatsa lilime mpata woumbira a, e, i, o, u momveka bwino, koma atalikitsanso mphambano ija pamene cakudya cingathe kuphonya njira.

KHOLINGO

Kholingo ndi kabokosi ka cicerewecerewe kokhala pamwamba pa paipi wa mpweya. Paipiyo atalika masentimita 10 kufikira 12, ndipo ali ndi mphete 16 kufikira 20 zomuletsa kuphwafuka. Cala cingathe kuzimva zina pansi pa kholingo. M'kati mwa kabokosika muli milomo iwiri yopyapyala, yoyera, yolumikizana kutsogolo ndi kutseguka kumbuyo monga cilembo ca V. Munthu popuma milomoyi italikirana. Polankhula iyandikizana, ndipo mpweya wocokera m'mapapu uinjenjemeretsa podutsa pakati, monga udzu womangika pakati pa zala zamanthu ulira mwana akauzirapo. Mau a mwamuna wamkulu acokera ku milomo yotalika masentimita ngati 2, yotseguka ndi kutseka nthawi ngati 120 pa sekondi. Ya mkazi ndi yaifupiko, ndipo icita nthawi ngati 200. Ya mwana wamng'ono ifika pafupi ndi 300. Mnyamata akamatha msinkhu kholingo lace likula msanga, milomo nitalika, ndipo kwa miyezi ingapo mau amthawa pakati pa nyimbo. Si matenda, ndipo anzace om'seka nao adzafika pomwepo.

Kwa zaka mazana ambiri madokotala anadziwa kholingo la mitembo, koma analibe njira yabwino yoonera la munthu wamoyo alikuimba. Mu 1854 Manuel García, munthu wa ku Spain amene sanali dokotala koma mphunzitsi wa kuimba, anagula kagalasi ka madokotala a mano mu mzinda wa Paris. Anakaika kuseri kwa m'kamwa mwace, natenga galasi lina la m'manja lolozera nalo kuwala kwa dzuwa, ndipo anaona milomo ya kholingo lace lomwe irikutseguka ndi kutseka. Anafotokozera akatswiri a ku London zimene anaona mu 1855, caka comwe cija David Livingstone, amene anali dokotala, anafika pa cisumbu ca pamwamba pa mathithi pa 16 Novembala. García anakhala ndi moyo zaka 101. Lero madokotala ali ndi zipangizo za nyale ndi za kamera zoonera pamalo pomwepo.

Ngakhale ziri tero, kuimba si nchito yoyamba ya kholingo. Nchito yace yoyamba ndi ulonda. Khungu la m'kati mwace limva msanga koposa, kotero kuti kadontho kamodzi ka madzi kakalikhudza, milomo ija itsekana mwadzidzidzi, minofu ya pamimba ndi m'nthiti ifinya mapapu, milomo nitseguka kamodzi, mpweya nuphulika ndi mphamvu kutulutsa mlendoyo. Kumeneko ndiko kutsokomola. Munthu wonyamula thumba la ufa atsekanso kholingo kuti cifuwa cilimbe, ndipo kubuula kwace poliika pansi ndi mpweya umene anautsekera. Ocemerera mpira masana onse abwerako mau atasasa cifukwa milomo ija yatupa pomenyana. Ipola yokha akaipumitsa. Koma mau a munthu wamkulu akasasa masabata oposa 3, makamaka wosuta fodya, dokotala ayenera kuonamo.

KUTSAMWA

Nthawi zina mlonda acedwa, ndipo cinthu colimba cilowa pa khomo la mapapu. Ngozi imeneyi igwera kwambiri ana osakwana zaka 5. Paipi wa mpweya wa mwana wamng'ono ali ngati kacala kace kakang'ono kukula kwace, mano ace otafunira sanakwane, ndipo iye adya alikuthamanga. Nsawa imodzi, njere ya masau, switi yolimba, cimanga cokazinga kapena ndalama yacitsulo ikwanira kutseka njira yonse. Ubongo ukasowa mpweya mphindi 4 zokha uyamba kuonongeka, ndipo palibe galimoto ingafike ku cipatala m'nthawi imeneyo, ngakhale kucokera ku Maramba. Wopulumutsa mwanayo ndi amene ali pafupi, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi mkulu wace kapena mlongo wace amene anamsiyira kulera. Nsawa za mwana wamng'ono zisinjidwe. Nao ana a sukulu aleke kutafuna zibvundikiro za mabolopeni. Kabowo kaja kali pa nsonga ya zambiri za izo anakaikapo dala opanga, kuti cibvundikiro cikalowa m'khosi mpweya upeze podutsa, koma si cinthu cocidalira.

Coyamba ndi kuona ngati wotsamwayo atha kutsokomola. Ngati atsokomola mwamphamvu, alira kapena alankhula, ndiye kuti mpweya ukudutsa. Amlimbikitse kutsokomola, pakuti palibe dzanja liposa cifuwa pa nchito imeneyi. Asampatse madzi, ndipo asapise cala kummero kufunafuna cinthu cosaoneka, cifukwa cala cikankhira m'kati. Woopsa ndi uja ali cete. Agwira pakhosi, maso ali tong'o, atsegula pakamwa koma mau satuluka, ndipo milomo yace iyamba kuda.

Pamenepo wothandiza afuule kuitana akulu, koma asawadikire. Amweramitse wotsamwayo, acirikize cifuwa cace ndi dzanja limodzi, ndipo ndi tsinde la cikhatho ca dzanja lina amenye mwamphamvu pakati pa mapewa kufikira nthawi 5, alikuona pa kumenya kuli konse ngati cinthuco catuluka. Cikakana, aime kumbuyo kwace, amkumbatire, aike nkhonya pamwamba pa mcombo koma pansi pa fupa la pacifuwa, aigwire ndi dzanja lina, ndi kukoka kolimba cam'kati ndi cokwera, kufikiranso nthawi 5. Kukoka kumeneku kufinya mpweya wotsala m'mapapu kuti ukankhe cotsekaco, monga cotsekera cithawa pa botolo. Njira imeneyi anaifalitsa Henry Heimlich, dokotala wa ku America, mu 1974. Asinthanitse kumenya kumsana ndi kukoka pamimba kufikira cinthuco citatuluka. Amene anakokedwa pamimba akaonedwe ku cipatala ngakhale wacira, ndipo cifukwa kukokaku kungathe kubvulaza m'kati, si ca masewera pa bwalo la sukulu.

Khanda losakwana caka cimodzi salifinya pamimba. Wothandiza akhale pansi, aligoneke cafufumimba pa mkono wace wotsamira pa nchafu, mutu uli pansi kuposa thupi, zala zitacirikiza cibwano. Alimenye pakati pa mapewa nthawi 5. Cikakana, alitembenuze cagada ndi kukanikiza pakati pa cifuwa, pansi pang'ono pa mzere wa mawere, nthawi 5, ndi kubwerezanso. Wotsamwa wa msinkhu uli wonse akakomoka, amgoneke cagada pansi polimba, ayambe kukanikiza pakati pa cifuwa mobwerezabwereza, wina alikuthamangira cithandizo ca cipatala.

Munga wa nsomba uli ndi nkhani yace. Suletsa kupuma kawirikawiri, koma ubaya pa matonsilo kapena pa tsinde la lilime. M'nyumba zambiri za m'mbali mwa Zambezi wobayidwa amuuza kumeza mbamu yaikulu ya nsima osatafuna. Nthawi zina munga utsikadi, koma nthawi zina mbamuyo iukhomerera m'kati mwa mnofu, kumene ubala mafinya. Kupweteka kukapitirira pomeza, kapena malobvu akayamba kukana kutsika, dokotala ali ndi nyale ndi kambano kocotsera.

Pali kutsamwa kwina konyenga. Mwana atsamwa nsawa, atsokomola kwambiri, kenaka aleka ndi kubwerera ku masewera, onse nayesa kuti zatha. Koma mwina nsawayo sinatuluke. Inapyola kholingo ndi kutsikira m'nthambi imodzi ya paipi wa mpweya, kumene kulibe alonda okwiya ngati a kumtunda. Kumeneko itupa ndi cinyezi, ndipo mafuta ace anyereza njirayo. Patapita masiku kapena masabata mwana ayamba cifuwa cosamva mankhwala, kulira kwa mluzu mbali imodzi popuma, ndi kutentha thupi kobwerabwera. Cotero cicotsedwa ndi kapaipi ka nyale kolowetsa m'njira ya mpweya mwana atagonekedwa tulo, nchito imene Gustav Killian wa ku Germany anaiyamba mu 1897 pocotsa kafupa ka nkhumba m'cifuwa ca mlimi wina. Kholo lofika naye ku cipatala lisaiwale kunena kuti tsiku lakuti mwanayu anatsamwa nsawa, ngakhale papita masabata atatu, pakuti nsawa kawirikawiri sioneka pa cithunzi ca X-ray, ndipo mau amenewa ndiwo auza dokotala kumene ayenera kufunafuna.